Phunziro la Mwezi Uno: Mukapita Kuntchito, Mwana Atsala ndi Yani?

Amayi anzanga a m'Bungwe la Amayi Achikatolika, makamaka inu a m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntumanji ndi midzi yonse ya kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, phunziro la mwezi uno likukhudza funso limene mumaliyankha m'mawa uliwonse, kawirikawiri muli kale pakhomo, khasu kapena beseni lili m'manja: ndikachoka pano, mwanayu atsala ndi yani, ndipo ndamusiyira chiyani?

Kuno kwathu kulibe mayi wosagwira ntchito. Wina amalawirira kudambo kukawokera mpunga, miyendo ili m'madzi mpaka dzuwa litafika paliwombo. Wina amapita kudoko kukapikula matemba, kuwayanika, kenaka ulendo wa kumsika wa Songani, Jali kapena Zomba. Wina ndi mphunzitsi, wina mlangizi wa zaumoyo, wina ali pa ganyu. Amuna ambiri amakhala masabata kunyanja, akugona m'zimbowera, ena ali ku Joni. Nyanja ikaphwa monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018, katundu yense wa banja amagwera pamutu pa mayi. Choncho sindikulemba kuti ndikuuzeni kuti muzikhala pakhomo. Mukakhala pakhomo, ana adya chiyani? Kusiya mwana kuti mukafune chakudya si tchimo. Koma mwana wosakwana zaka zisanu amafunika kumukonzera tsiku lake monga momwe mumakonzera mpamba wa geni: usiku wake, modekha, mutawerengera zonse.

Tiyambe ndi Mawu a Mulungu

Musanapitirire, wina awerenge Eksodo 2:1-10. Mayi wa Mose anakakamizika kusiya khanda lake la miyezi itatu m'mabango m'mbali mwa mtsinje. Taonani mmene anachitira. Anamata kadengu bwinobwino kuti madzi asalowe. Anasankha malo. Mlongo wake wa mwanayo anaima poteropo kuti aone chimene chichitike, ndipo zinthu zitasintha, mtsikanayo anadziwa woti amuitane. Pamapeto pake Mose anapitiriza kuyamwa bere la mayi ake. Mayiyu sanangoti Mulungu aona yekha. Anakhulupirira Mulungu, manja ake akugwira ntchito. Ifenso tidzifunse mafunso anayi: atsala ndi yani, adya chiyani, atsala pamalo otani, ndipo akadwala, wotsala naye achita chiyani?

Funso loyamba: atsala ndi yani?

M'midzi mwathu yankho lachangu limakhala lakuti, "Atsala ndi mkulu wake." Mkulu wakeyo nthawi zambiri ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, kamene kakabereka mwana, miyendo ya mwanayo imatsala pang'ono kukhudza pansi. Pa kafukufuku wa umoyo wa ana, bungwe la UNICEF limaika mwana wamng'ono wosiyidwa ndi mnzake wosakwana zaka 10 m'gulu limodzi ndi mwana wosiyidwa yekha. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Mwana wa msinkhu umenewu akaona anzake akusewera fulaye, mtima umapita komweko. Sangathe kutulutsa mnzake m'chitsime, sangadziwe kuti kupuma kwa khanda kwasintha, ndipo ngozi ikachitika amabisa poopa kukwapulidwa.

Palinso kutaya kwachiwiri. Mtsikana amene akujomba kusukulu nyengo yonse yowokera ndi yokolola kuti alere mng'ono wake amabwerera m'mbuyo, amabwereza kalasi, mapeto ake amagwa ulesi n'kusiya. Maphunziro a pulayimale akhala aulere kuyambira 1994, koma mwana amene ali ndi khanda kumsana sangapindule nawo. Tisapulumutse mwana mmodzi potaya mnzake.

Wotsala ndi mwana akhale munthu wamkulu, kapena wachinyamata wokhwima maganizo pa nthawi imene sali kusukulu. Agogo ndi dalitso, koma tiyeze mphamvu zawo moona. Ngati maso awo saona patali ndipo miyendo imawawawa, angathe kusunga khanda losakwawa, koma sangathamangitse mwana wa zaka ziwiri. Munthu amene amamwa kachasu masana asatsale ndi mwana, ngakhale akhale mbale wanu wa bere limodzi. Ndipo mwana akayamba kukana mwamphamvu kutsala ndi munthu wina wake, kapena mukaona zilonda zosadziwika bwino, musamukalipire. Mufunseni mofatsa, mumuone thupi lonse pomusambitsa. Nkhanza kwa ana mungazinene kwaulere pa nambala ya 116.

Pomaliza, mwana amaperekedwa m'manja, sasiyidwa pabwalo. Mawu akuti "muzindionerako mwanayo", onenedwa mukudutsa, si pangano. Pabwalo pakakhala akuluakulu asanu, aliyense amayesa kuti mnzake ndiye akuyang'ana. Tchulani munthu mmodzi, avomere, mumuuze nthawi imene mubwere.

Funso lachiwiri: adya chiyani?

Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Kupinimbira kumayamba msanga, kuyambira mwana ali m'mimba mpaka atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo kumakhudza ubongo, osati msinkhu wokha. M'mera mpoyamba. Nyengo imene mayi amatanganidwa kwambiri kudambo, Januwale ndi Febuluwale, ndi yomweyo imene nkhokwe zimakhala zitatha ndipo malungo ndi kutsegula m'mimba zili paliponse. Ndiyo nthawi imene ana ambiri amatsika pa sikelo.

Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi ayamwe mwakathithi: bere lokha, popanda madzi, phala kapena dawale. Ngati ntchito yanu ilola, pitani naye limodzi, ndipo pakhale wina womugwira pamthunzi, pamtunda, kuti muzituluka m'madzi kukamuyamwitsa. Ngati simungapite naye, musiyireni mkaka wanu. Sambani m'manja ndi sopo. Tengani kapu yokhala ndi chivindikiro, yotsukidwa ndi kutsukuluzidwa ndi madzi owira. Ikani chala chachikulu pamwamba pa mbali yakuda ya bere, chala cholozera pansi pake, kanikizirani chakuchifuwa, kenaka finyani ndi kutaya, finyani ndi kutaya, mukuzungulira bere lonse. Musakoke nsonga. Masiku oyamba umatuluka wochepa, koma dzanja likazolowera umachuluka. Vindikirani kapuyo, muiike pamalo ozizira, monga m'mbale ya madzi pafupi ndi mtsuko. Kuno kotentha mwana aumwe pasanathe maola anayi. Wotsala naye amukhazike chotsamira, agunditse kapu pamlomo wam'munsi kuti mwana azimwa yekha pang'onopang'ono, osamuthira m'kamwa. Botolo lokhala ndi nsonga ya labala n'lovuta kutsuka ndipo limabweretsa matenda otsegula m'mimba.

Ambiri timakhulupirira kuti mkaka umene wakhala m'bere tsiku lonse, mayi akuyenda padzuwa, wasasa, ndipo uyenera kutayidwa. Mkaka suwonongeka uli m'bere. Mukangofika, sambani m'manja, khalani pansi, muyamwitse. Yamwitsaninso usiku ndi m'mamawa musananyamuke, chifukwa bere limapanga mkaka molingana ndi mmene likuyamwidwira. Mayi amene ali pa ma ARV ayamwitse mwakathithi chimodzimodzi, osadumphitsa mankhwala ake ngakhale tsiku la msika.

Inu olembedwa ntchito, dziwani ufulu wanu. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi masabata osachepera asanu ndi atatu a tchuthi cha uchembere, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Litakonzedwanso mu 2021, linaonjezera nthawi yoyamwitsa pa ntchito ndi masabata awiri a tchuthi kwa bambo. Ndipo ife amene timalemba anzathu ntchito yapakhomo kapena ganyu, tisaiwale kuti nawonso ali ndi ana oyamwa.

Akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, mwana ayambe kudya uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku, kuyambira masipuni akulu awiri kapena atatu n'kumaonjezera. Wa miyezi 9 mpaka 23 adye katatu kapena kanayi, ndi kachakudya kapadera kamodzi kapena kawiri. Kamimba kake n'kakang'ono, sangadikire nsima ya madzulo monga ife. Phala likhale lolimbirako, losayoyoka lokha pasipuni. Phala lamadzimadzi limadzaza mimba koma silimanga thupi.

Mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ambiri tili nawo pakhomo. Chomvetsa chisoni n'chakuti mayi angathe kugulitsa beseni lonse la matemba, mwana wake n'kudya phala la mchere wokha. Musanapite nawo kumsika, tapani dzanja limodzi. Akazingeni pang'ono, muwasinje ndi mitu yomwe mpaka akhale ufa, musefe, musunge m'botolo louma lotsekeka. Sipuni imodzi ya ufa umenewu m'phala la mgaiwa kapena la mpunga, pamodzi ndi nsinjiro, masamba a nkhwani kapena chisoso osinja ndi kadontho ka mafuta, ndi chakudya chokwana. Kachakudya kapadera kangakhale nthochi, papaya, mango, mbatata yofiira m'kati kapena dzira lowiritsa. Makamaka musasiye ndalama kuti "mumugulire kena kake", chifukwa kena kakeko kamakhala jigisi ndi mafilizesi.

Phala lophikidwa m'mawa likakhala maola opitirira awiri, litenthetsedwenso mpaka libwadamuke asanampatse. Mwana akhale ndi mbale yakeyake. Pa mbale ya onse, wamng'ono amangonyambita msuzi akuluakulu ake atamaliza ndiwo, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti wadya zochuluka bwanji.

Funso lachitatu: atsala pamalo otani?

Choyamba ndi madzi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati ana a chaka chimodzi mpaka zinayi ndi amene amamira kwambiri kuposa misinkhu ina. Sikuti amamira pakati pa nyanja. Amamira m'chitsime chosavindikira, m'ngalande ya mpunga, m'dzenje loumbira njerwa, ngakhale m'ndowa ya madzi ochapira. Mutu wa mwana ndi wolemera. Akagwa chafufumimba sadzuka, ndipo sakuwa. Zimatenga mphindi zochepa, nthawi yongopita kukapala moto kwa anansi. Vindikirani zitsime ndi chinthu cholemera, kwirirani maenje apafupi ndi nyumba, khuthulani mabeseni mukatha kuchapa. Madzi a m'dambo alinso ndi likodzo, choncho mwana amene mwapita naye kumunda asasewere m'matope a m'ngalande. Mukaona magazi mumkodzo wake, pitani naye kuchipatala. Si chizindikiro cha kukula ayi.

Chachiwiri ndi moto. Mafuwa, mbaula ndi ng'anjo yowambira milamba zili pa msinkhu wa mwana wokwawa. Phala lotentha lisaikidwe pansi. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pamalopo kwa mphindi 20, mufunditse kansalu koyera, mupite naye kuchipatala. Musapake dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta kapena ndowe, ndipo musaboole matuza. Utsi nawonso umadwalitsa chibayo. Powamba nsomba, khanda lisakhale kumsana.

Chachitatu ndi mankhwala. Parafini, petulo, mankhwala a mbewu ndi a makoswe zisasungidwe m'mabotolo a zakumwa, ndipo zipachikidwe pamwamba. Mwana akamwa parafini musamusanzitse, chifukwa pobwerera amalowa m'mapapo. Thamangani naye, mutatenga botololo kuti achipatala aone.

Chachinayi ndi madzi akumwa. Kolera ndi mlendo wodziwa njira ya ku Chilwa, ndipo mliri umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unafalikira dziko lonse. Siyani madzi owiritsa kapena othira klorini m'chigubu chotseka, ndi sopo pafupi. Chimbudzi cha mwana chitayidwe m'chimbudzi, osati kuseri kwa nyumba. Ngati mwana agona masana, agone m'neti.

Funso lachinayi: akadwala, achita chiyani?

Ana ambiri amene amafika mochedwa kuchipatala sikuti analibe owakonda. Wotsala nawo anaona kuti zinthu sizili bwino, koma anati, "Tidikire mayi ake," kapena, "Bambo ake ndi amene anganene." Mayi afika dzuwa litalowa, kabaza wasowa, ulendo mpaka mawa. Kwa mwana amene ali ndi malungo aakulu kapena chibayo, usiku umodzi ndi wautali kwambiri.

Perekani chilolezo chisanafunike. Muuzeni wotsala ndi mwana, pamaso pa bambo kapena amalume a mwanayo, kuti akaona chimodzi mwa izi anyamuke osadikira munthu: mwana akukanika kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena akugwedezeka thupi, walefuka moti sakudzuka bwino, akupuma mothamanga kapena nthiti zikulowa m'kati popuma, chimbudzi chili ndi magazi, kapena akutsegula kwambiri maso n'kulowa. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, likazizira kapena likasiya kuyamwa, limeneli ndi la kuchipatala nthawi yomweyo.

Pakhale kathumba kodziwika malo ake, muli buku la kuchipatala la mwana, ndalama ya kabaza yosakhudzidwa ngakhale ndiwo zitasowa, paketi ya Thanzi ORS, ndi pepala lolembapo nambala yanu ya foni ndi ya mlangizi wa zaumoyo. Paketi imodzi ya Thanzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo yotsala imatayidwa pakatha tsiku limodzi. Mankhwala a zinki amwedwe masiku onse amene mwauzidwa, ngakhale kutsegula kutasiya. Kumene kuli kiliniki ya m'mudzi, mlangizi amayeza malungo ndi kuthandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu. Mungafunsenso malangizo kwaulere ku Chipatala cha pa Foni.

Tsiku la sikelo likagundana ndi tsiku la msika, tumani wina ndi bukulo. Katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14 ambiri timamukumbukira. Amene amaiwalika ndi wa chikuku wa pa miyezi 9 ndi 15, nthawi imene mayi wabwerera kale ku ntchito zake zonse.

Madzulo mukafika

Mumafika msana ukuwawa, madzi kulibe, moto sunakolezedwe, ndipo ana onse akukuthamangirani nthawi imodzi. Apa m'pamene mbama imatuluka msanga. Mwana amene akulira ndi kukukakamirani sakuchita mwano, wakusowani tsiku lonse. Tulani katundu, khalani pamphasa kanthawi kochepa, mumunyamule. Funsani wotsala naye kuti wadya kangati, wakodza, wachita chimbudzi chotani. Muyankhuleni mwanayo pamene mukusenda kapena kupeta, mumutchulire maina a zinthu, mumuimbire, mumuphunzitse chizindikiro cha mtanda. Ubongo wa mwana umakula ndi mawu a anthu omukonda, ndipo izi sizilira ndalama.

Nkhaniyi mukaifikitsenso kwa abambo. Bambo amene wabwera kunyanja kapena kumunda angathe kusambitsa mwana, kumudyetsa ndi kupita naye kusikelo, ndipo ulemu wake suchepa. Yosefe Woyera, amene timamukumbukira pa 1 Meyi ngati mmisiri, ndi yemweyo amene anadzuka usiku kuthawitsa Mwana. Sankhani nthawi yabwino, osati mkangano uli m'kati, mugawane ntchito za m'mawa ndi za madzulo mozitchula maina. Inunso mayi idyani mokwanira. Ngati mwakhala masabata muli wosweka mtima, tulo osabwera, mwana osakusangalatsani, uzani namwino kapena mnzanu wodalirika. Ndi matenda odziwika, ndipo thandizo lilipo.

Zimene gulu lathu lingachite

Zonsezi mayi mmodzi sangazithe. Mutu umodzi susenza denga. Ku Bangladesh, dziko la madambo ndi mpunga ngati kwathu kuno, anaona kuti ana ambiri amamira m'mawa mpaka masana, amayi ali pa ntchito. Anayambitsa malo m'midzi pamene amayi ophunzitsidwa amasunga ana aang'ono pa maola amenewo, ndipo imfa za kumira zinatsika kwambiri, moti lero WHO imalimbikitsa njira imeneyi. Ifenso tili nazo sukulu za mkombaphala, zoyendetsedwa ndi anthu a m'mudzi mothandizidwa ndi ofesi ya zosamalira anthu. Zambiri zimafooka chifukwa chosowa ufa wa phala, ndipo alezi ake, amene amagwira ntchito mongodzipereka, amatopa. Kuonjezera apo, zambiri zimalandira ana a zaka zitatu kupita m'tsogolo, pamene amene ali pa ngozi yaikulu ndi a chaka chimodzi ndi ziwiri.

Nazi zimene mungayambe mwezi uno m'limana kapena mumphakati mwanu. Amayi asanu oyandikana nyumba agwirizane kasinthasintha: tsiku lililonse mmodzi atsale ndi ana, anayi apite kuntchito, ndipo anayiwo amugwirireko ndime yake kapena amugulitsireko katundu wake kuti asaluze. Ana osayenda asapitirire awiri kwa munthu mmodzi. Sankhani khonde kapena mthunzi wotalikira chitsime ndi msewu, mutchinge ndi kampanda ka bango. Pokolola, banja lililonse lipereke mbale ya mpunga, chimanga, soya kapena mtedza ku nkhokwe ya phala la ana. Banki m'khonde yanu ikhale ndi kathumba kapadera ka ulendo wa kuchipatala. Pemphani mlangizi wa zaumoyo adzaphunzitse onse osunga ana, agogo omwe, zizindikiro zoopsa zija. Uzani amfumu ndi bambo mfumu wa parishi, ndipo funsani a CADECOM ngati angathandizepo pa munda wa gulu. Musasankhe mpingo: mwana wa mnansi wathu wachisilamu kapena wa mpingo wina akagwera m'chitsime, maliro ake tidzalira tonse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana pagulu

1. Dzulo, pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 12 koloko masana, mwana wanu kapena mdzukulu wanu wamng'ono anali m'manja mwa yani, ndipo anadya kangati?

2. M'mudzi mwathu muli atsikana angati amene amajomba kusukulu chifukwa cholera ana? Tingawamasule bwanji popanda kuchititsa manyazi makolo awo?

3. Ndi zitsime, maenje ndi ngalande ziti zimene tingavindikire kapena kutchinga sabata ino? Adzatsogolere ndani?

4. Ndi mayi uti pakati pathu amene alibe womusiyira mwana, monga wamasiye, wobwera kapena mtsikana wobereka ali wamng'ono? Tidzamuyendera liti?

Mlembi alembe zimene mwagwirizana, maina a otsogolera ndi tsiku, kuti pa msonkhano wa mwezi wamawa muyambe ndi kumva zimene zachitika.

Pemphero lotsekera

Atate athu, mumaona mayi aliyense amene amatseka chitseko m'mamawa mtima utatsalira m'nyumba. Dalitsani ntchito za manja athu, tetezani ana athu ku madzi, ku moto ndi ku matenda, ndipo mutipatse maso oona mwana wa mnzathu ngati wathu. Amayi Maria ndi Yosefe Woyera, amene munalera Yesu ndi thukuta lanu, mutipempherere. Amen.